Mutu 6: Afrakoma Asamukira ku Istanbul Ali ku Kumasi Komweko

1. Fayilo ikana kutseguka

Lachitatu m'mawa Afrakoma anatsegula situdiyo ya malume ake ku Bantama, mumzinda wa Kumasi ku Ghana. Anasesa, napukuta fumbi pa zokuzira mawu, n'kuyatsa kompyuta. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Chimalizireni sekondale ankaphunzira ntchito yojambula nyimbo kwa malume akewo, a Twumasi, mlongo wawo wa mayi ake.

Sabata imeneyo ntchito inali imodzi yokha: nyimbo ya Maame Adwubi.

Maame Adwubi anatsogolera gulu la amayi oimba nyimbo zamakolo za nnwonkoro pa maliro kwa zaka zambiri. Ku Bantama, munthu akaikidwa osaimbiridwa ndi iwo, anthu ankati waikidwa ngati mlendo. Matenda atawapanikiza, anaitanitsa a Twumasi kunyumba kwawo ndi kompyuta yawo. Anaimba nyimbo imodzi ali chikhalire, akupuma movutikira. Inali yotsanzikana ndi ana awo, kuwatchula mmodzimmodzi kuyambira wachisamba mpaka chitsiriza.

"Imeneyi mudzaike tsiku langa," anatero atamaliza. "Ndaimbira aliyense m'mudzi muno. Ine ndidzadziimbira ndekha."

Tsopano anali atamwalira. Thupi linali m'nyumba yachisoni kudikira ana a kunja, ndipo maliro anali Loweruka.

Nyimboyo inali ndi chilema chimodzi. Kuseri kwa nyumba ya Maame kunali chigayo, ndipo phokoso lake linalowa m'mawu monsemo. Pulogalamu imene a Twumasi ankagwiritsa ntchito, Halvano 7, inalephera kulichotsa.

Apa ndi pamene Afrakoma anaona uthenga wa kampani ya pulogalamuyo. Unkati mtundu watsopano, Halvano 9, umatsuka phokoso lililonse, ndipo aliyense ayesere mwezi umodzi waulere. Sanafunse munthu. Anauika m'kompyuta, natsegula nyimbo ija. Chigayo chinangoti zii. Panatsala mawu a Maame okhaokha, oyera ngati ali m'chipinda momwemo. Afrakoma anasunga ntchitoyo mosangalala, akufuna kudzadabwitsa malume ake.

Mwezi waulere uja unatha Lachiwiri.

M'mawa umenewu, atadina nyimboyo, Halvano 9 inafuna ndalama. Anabwerera ku Halvano 7 yakale ija. Pagalasi la kompyuta panatuluka mawu akuti: "Fayiloyi inasungidwa ndi mtundu watsopano, ndipo ili m'nkhokwe ya kampani. Kwezani pulogalamu yanu kuti muitsegule."

Anayesanso. Anazimitsa kompyuta, nayatsa. Mawu anali omwewo.

A Twumasi analowa atanyamula phala la koko m'kathumba. Anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, kenako galasi. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Ina ija ili kuti?" anafunsa.

"Iti, malume?"

"Lamulo loyamba la m'chipinda chino n'chiyani?"

Afrakoma anazolika. "Usanakhudze mawu a munthu, yamba wakopera ena pambali."

"Ndinakutuma kuti ukopere tsiku lomwe tinachoka kwa Maame. Unakopera?"

"Ndimati ndikopera ikayera, malume."

A Twumasi anaika phala lija pa tebulo. Sanalimwenso.

2. Mtengo wa Mjeremani

Sanamukalipire. Anakoka mpando nati, "Chachitika chachitika. Tiye tione akufuna zingati."

Mitengo inali iwiri. Amene anali ndi Halvano 8 ankalipira pang'ono kuti afike pa 9. Amene anatsalira pa 7 ankalipira pafupifupi ngati munthu amene sanagulepo chilichonse. Ndipo mtengowo unali m'madola. Afrakoma anausintha kukhala masedi, ndalama za ku Ghana, pa foni yake, naonetsa malume ake. Inali ndalama yokwana lendi ya situdiyoyo kwa theka la chaka.

"Chifukwa ndinadumpha 8?" anafunsa a Twumasi. "Ndiye kuti akundilanga chifukwa sindinawapatse ndalama chaka chatha?"

Nthawi yomweyo pakhomo panamveka odi. Anali Gyamfi, mnyamata amene anaphunzira limodzi ndi Afrakoma, amene tsopano ankakonza mafoni ku msika wa ku Adum. Anabweretsa foni ya a Twumasi imene anaiika galasi latsopano.

"Bwanji nkhope ngati mwameza fupa la nsomba?" anatero. "Bwana injiniya, waotcha chiyani lero?"

Afrakoma anamuuza mwachidule. Gyamfi anasuzumira pa kompyuta, naimba mluzu.

"Amenewa ndi mtengo wa ku Ulaya, bambo. Taonani." Anatulutsa foni yake, nadinadina, naonetsa tsamba la kampaniyo pamene panali mayiko m'magulumagulu. "Kampaniyi ili ndi mitengo yosiyana. Mayiko ena anawachitira chifundo, akuti anthu ake salandira zambiri. Uwu ndi mtengo wa munthu wa ku Istanbul. Mukauphatikiza kanayi ndiye ufike pa wanuwo."

"Nanga Ghana ili pati?" anafunsa Afrakoma.

"Nayi. Africa yense anangomukolopera m'gulu limodzi ndi Ulaya. Ife ndi Ajeremani, thumba limodzi."

A Twumasi anaseka kuseka kowawa. "Ndine Mjeremani ine? Magetsi dzulo azima tsiku lonse, ndine Mjeremani? Woimba akabwera muno amandilipira theka, theka linalo akuti Mulungu adzaona, ndine Mjeremani?"

Afrakoma anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Kuba kumeneku!" anakuwa. "Ng'oma zimene anaika m'pulogalamu mwawomo anazijambula kuno. Ndinazimva ndi makutu anga, ng'oma zathu zenizeni. Pobwera kudzatenga ng'oma anaidziwa njira ya ku Ghana. Polemba mitengo aiwala kuti kuli dziko lotere? Ndiye agwire mawu a munthu wakufa ngati chikole? Mawu a Maame ndi awo? Anawadwazika ndi iwo?"

"Psa mtima bwino, mlongo, ungaphulike," anatero Gyamfi. Kenako anatsitsa mawu. "Koma njira ilipo. Msuweni wanga Oteng amagulitsa nsapato ku Istanbul. Ali ndi keyala, ali ndi khadi la banki la kumeneko. Tingosintha dziko pa akaunti ya bambowa. Ndiika kapulogalamu kena kamene kamanamiza intaneti kuti kompyutayi ili ku Istanbul. Oteng alipira uko, inu mundipatsa masedi kuno. Madzi a tiyi asanawire, nyimbo yatseguka. Aliyense amachita zimenezi."

Maso a Afrakoma anawala. Anatembenukira kwa malume ake.

"Zikomo pokonza foni, Gyamfi," anatero a Twumasi. "Upereke moni kwa mayi ako."

Gyamfi anamva kuti wathamangitsidwa. Potuluka anatsinzinira Afrakoma diso.

3. Chenjezo la a Twumasi

"Dzutsa mpandowo, ukhale pansi," anatero a Twumasi.

Afrakoma anakhala.

"Usaganize kuti ine sindinakwiye. Mkwiyo wakowo ndi mwana, wanga uli ndi imvi. Ukuona makina a tepi ali pakonawo? Ndinawagula kamodzi, iwe usanabadwe. Ndinalipira, ndinanyamula, anakhala anga. Mpaka lero ndikawayatsa amalira. Palibe mzungu anabwerapo kudzandiuza kuti tepi yako sitseguka mpaka ulipirenso. Koma pulogalamu iyi ndaigula katatu. Katatu! Ndipo lero ndadziwa kuti sinakhalepo yanga. Ndine mlendi m'nyumba imene ndinamanga ndi thukuta langa. Zoti mtengowo ndi wachinyengo, ndi wachinyengodi. Sindikuuza kuti uukonde.

"Koma tamvera, mwana wa mlongo wanga. Anakuuza kuti mwezi waulere, iwe n'kulumphira. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tsopano nkhuyu yachiwiri yabwera ndi Gyamfi, yofiira kuposa yoyamba. Ukufuna uilumenso?

"Akauntiyo ili m'dzina langa. M'menemo muli ntchito za anthu onse amene anaimbapo m'chipinda chino: makwaya, ana a sukulu, anyamata anu a zipewa zokhota aja. Anandisungitsa mawu awo chifukwa amadziwa kuti Twumasi akati mawa, amanena mawa. Ukalemba kuti ndimakhala ku Istanbul, walemba bodza ndi dzanja lako koma pamphumi panga.

"Ndipo china n'ichi, chimene Gyamfi sanakuuze. Lero kampaniyi yatilakwira, ndipo ife tili ndi pakamwa. Tikhoza kusonkhana ojambula nyimbo a mu Kumasi muno, kuwalembera, kupita pa wailesi, kuwachititsa manyazi mpaka atipatse mtengo wathu. Mwina amva, mwina samva, koma pakamwa tili napo. Ukagula ndi bodza, pakamwa paja wagulitsa. Munthu wolowera pawindo akapondedwa chala m'nyumbamo salira. Akalira amufunsa kuti unalowa bwanji. Tsiku limene adzatitsekere chitseko, udzakadandaula kwa yani? Udzati ndine yani, wa ku Kumasi kapena wa ku Istanbul?"

Afrakoma anapukusa mutu. "Ndiye tilipire mtengo wa Mjeremani? Ndalama zake zili kuti?"

"Sitilipira. Tilibe."

"Nanga Loweruka?"

"Anzathu a mu Kumasi muno ambiri ali ndi pulogalamu yakuba, ndipo yakubayo sifika ku nkhokwe ya kampani. Amene ndikumudziwa kuti ali ndi 9 yeniyeni ndi mmodzi. Mawa ndikwera basi ya ku Accra. Ndikalowa pa akaunti yanga pa makina a Ntim, ndikatulutsa nyimboyo, ndibwerako."

"Ntim?" Afrakoma anatsala pang'ono kugwetsanso mpando.

Ntim anaphunzira ntchito m'chipinda chomwecho. Atadziwa zonse anachoka osatsanzika, natenga oimba atatu amene ankajambulitsa nyimbo kwa a Twumasi. Ku Accra analemera. Tsiku lina pa wailesi atafunsidwa amene anamuphunzitsa, anayankha kuti anadziphunzitsa yekha, popeza ku Kumasi kunali madala ojambula nyimbo ngati akukazinga chimanga.

"Mukagwade kwa Ntim, malume? Inu?"

"Bondo silithyoka ndi kugwada."

"Bwanji osangomuimbira foni?"

"Munthu amene munasiyana naye moipa sumupempha kanthu pa foni. Umapita ndi mapazi ako, botolo m'manja, n'kukhala pamene akukhazikepo. Ndi mmene timachitira. Iwe ntchito yako ndi imodzi: usunge chipinda chino, ndipo kompyutayo usaikhudze mpaka ndibwere. Wandimva?"

"Ndamva, malume."

4. Dzanja la yani?

Lachinayi a Twumasi analawirira. Anavala nsalu yawo yabwino, botolo la kachasu wa m'sitolo atalikulunga m'pepala. Afrakoma anawaperekeza mpaka pokwerera basi. Anawaona akukhala pampando wa kumbuyo, botolo lija atalifungatira pamiyendo. Pobwerera sanapereke moni kwa aliyense m'njira.

Dzuwa litakwera, ku situdiyo kunafika mlendo. Anali a Bempah, mlongo wawo wa Maame Adwubi, mwinimbumba wa banjalo. Anavala nsalu yakuda, phewa limodzi lili pamtunda. Afrakoma anawapatsa mpando ndi madzi.

"Malume ako ali kuti?"

"Apita ku Accra, agogo. Abwera mawa."

"Ku Accra, maliro ali mkucha? Nyimbo yatha?"

"Yatsala pang'ono."

"Tandiikira ndimveko pang'ono pokha. Chimwalirireni sindinamvenso mawu ake."

Afrakoma anayang'ana kompyuta yozimayo. "Malume anati ndisaikhudze mpaka abwere."

A Bempah anagwedeza mutu. "Mwana womvera. Chabwino." Anamwa madzi aja. "Ana ake afika dzulo, wina kuchokera ku London, wina ku Toronto. Chitsiriza uja, Dufie, sanawaone mayi ake akudwala. Mapepala anamuchedwetsa. Sakudya, akungolira. Ndamuuza kuti leka, mayi ako anakusiyira mawu, anakutchula dzina, udzamva Loweruka pamaso pa anthu onse. Ndi chokhacho chamugoneka tulo.

"Ukudziwa chimene anthu ankamukondera mlongo wanga? Sanali mawu okha. Oimba ena pa maliro amatamanda aliyense, wakuba amamusandutsa mngelo malinga abale alipire. Iye ayi. Ankati pamaso pa wakufa sanama. Akasowa chabwino chonena, ankaimba za mayi a munthuyo. N'chifukwa chake akakutamanda, anthu ankakhulupirira. Inu ana a masiku ano muziphunzira zimenezo."

Anadzuka, nakonza nsalu paphewa, napita.

Posakhalitsa Gyamfi anasuzumira pakhomo, akutafuna kelewele, nthochi zokazinga zothira tsabola.

"Ndamva kuti madala apita kukapembedza Ntim," anatero. "Ukumudziwa Ntim iwe? Akawakhazika pabenchi ya mlonda mpaka dzuwa kulowa. Kenako akawajambula chithunzi, mawa dziko lonse lione: taonani mphunzitsi wanga wabwera kudzapempha. Ndipo akakana? Loweruka mudzaika chiyani, chigayo?"

"Tseka pakamwa, Gyamfi."

"Ine ndikungokufunira zabwino, mlongo. Unalakwitsa ndiwe, akagwade ndi iwo. Zikukukomera? Tsabola wakale sawawa. Madala aja akuopa zinthu zimene sakuzidziwa. Ukubera yani apa? Kampani ilandira ndalama yake, yomweyo imene imalandira kwa munthu wa ku Istanbul. Iyeyo ali ndi mitu iwiri? Magazi ake ndi a golide?"

Afrakoma anatulutsa foni yake. Kenako anafunsa, "Oteng ali pa foni panopa?"

"Amagona nayo m'manja."

Pa foni yake Afrakoma anali ndi ndalama zimene ankasunga kuti adzalipirire maphunziro a madzulo a zamawu. Zinakwana mtengo wa ku Istanbul, n'kutsala yokwerera trotro, minibasi ya m'tauni, yokha. Anazitumiza kwa Gyamfi. Kenako anayatsa kompyuta.

Gyamfi anakhala pampando wa a Twumasi. Zala zake zinkathamanga. Anaika kapulogalamu kake kaja. "Basi, tafika. Wamva kuzizira? Tili ku Istanbul." Afrakoma analemba mawu achinsinsi a akaunti, amene malume ake anamuuza kalekale pomukhulupirira. Gyamfi anafufuta Bantama, nalemba dzina la msewu limene onse awiri sakanatha kulitchula.

Pansi pake panali kabokosi ndi mawu akuti: "Ine mwini akauntiyi ndikutsimikiza kuti ndimakhala m'dziko limeneli."

Gyamfi anachotsa manja, nakankhira mpando kumbuyo.

"Apa dina wekha."

"Bwanji? Si iwe umati aliyense amachita?"

"Amachitadi. Koma dzanja langa lisakhalepo. Ine si wa m'banja mwanu."

Afrakoma anamuyang'ana. Anayang'ana kabokosi kaja, ndi dzina la malume ake pamwamba pake. Anayang'ananso mtengo wakale, wa m'madola uja, umene unali utasanduka kamtengo kakang'ono pongosintha dzina la mzinda.

"Akuba ndi iwo," anatero mokweza, ngati pali wina akumutsutsa.

Anadina.

5. Maame aimba

Oteng analipira. Sipanatenge nthawi. Halvano 9 inatseguka ndi mawu olandira mlendo m'chilankhulo chachilendo, ndipo nyimbo ya Maame Adwubi inaonekera pagalasi, yathunthu.

Gyamfi anawomba m'manja. "Ndimanama? Uziti zikomo, bwana injiniya! Tsopano itulutse msanga, uikopere pa foni, pa kompyuta, paliponse. Ikatuluka m'nkhokwe mwawomo, ngakhale atabwera ndi asilikali sangailande."

"Ndimve kaye ngati ili bwino."

Anadina poyambira.

Mawu anatuluka m'zokuzira mawu, otsika, onjenjemera pang'ono, opanda chigayo. Maame anayamba ndi kupereka moni kwa amene abwera. Kenako anaitana mwana wawo wachisamba, namuuza kuti asunge abale ake. Mayi wogulitsa malalanje panja anasiya kusenda, naima pakhomo, dzanja pachifuwa.

"Yamveka, ili bwino," anatero Gyamfi. "Imitsa, utulutse."

"Dikira."

"Afrakoma, tulutsa kaye. Udzamvera bwino pambuyo."

"Muno nyimbo ya wakufa sitiidula pakati. Malume salola. Munthu wamkulu akuyankhula, ndimutseke pakamwa?"

Gyamfi anaseka. "Lero ndiye wakumbuka malamulo a malume?"

Nyimbo inapitirira. Maame anatchula wachiwiri, namukumbutsa za ukali wake, namukhululukira. Anatchula wachitatu. Anatchula wachinayi, wa ku London uja, namufunsa ngati kumeneko amadya n'kukhuta. Mayi wa malalanje anali akulira poyera. Kenako Maame anapuma mpweya wautali, mawu nafewa.

"Tsopano iwe chitsiriza changa, iwe Du..."

Zii.

Galasi linachita mdima, kenako panatuluka bokosi loyera. Afrakoma anawerenga chamumtima, Gyamfi akuwerenga mokweza pamwamba pa phewa lake.

"Akauntiyi yatsegulidwa m'mayiko awiri nthawi imodzi, ku Istanbul ndi ku Accra. Taiyimitsa pamodzi ndi zonse zili m'nkhokwe yake. Kuti itsegulidwe, mwini wake atumize umboni wa boma wosonyeza kuti amakhala pa keyala imene analemba pogula."

"Ku Accra?" anatero Gyamfi. "Ku Accra kuli ndani?"

Anangofunsa, koma yankho onse awiri ankalidziwa.

Afrakoma anathamangira ku Halvano 7. Nayonso inakana. Anayesa nyimbo za kwaya ya Metodisti zimene zinayenera kuperekedwa sabata yotsatira. Zinakana. Anayesa za ana a sukulu. Chilichonse chinali ndi kachizindikiro ka loko.

"Konza!" anakuwa. "Gyamfi, konza! Bweza Bantama!"

"Sizibwezeka. Akaimitsa, aimitsa." Gyamfi anali ataimirira kale, akupukuta mafuta a kelewele pa thalauza. "Ndinakuuza kuti utulutse kaye. Sindinanene? Mayi awa ndi mboni." Anayang'ana foni yake imene sinalire. "Pali kasitomala akundidikira ku Adum. Ndifunsa anyamata, mwina wina akudziwa njira."

"Ndalama zanga?"

"Zinapita ku Istanbul, mlongo. Unadina wekha."

Anatuluka mwamsanga mpaka kugunda dengu la malalanje.

Afrakoma anatsala yekha. Panja panadutsa lole itasenza mahema ofiira ndi akuda ndi mipando ya pulasitiki, ikulowera kunyumba ya Maame Adwubi. Anyamata anali pamwamba pake akuimba.

Foni yake inalira. Anali malume ake. Inalira kanthawi asanayankhe.

"Afrakoma! Mwana iwe, Mulungu ndi wamkulu." Mawu awo anali a munthu amene watula katundu. "Ntim sanandikhazike pabenchi. Atandiona pageti anathamanga opanda nsapato. Botolo lija analikana, akuti woyenera kubwera ndi botolo ndi iye. Wagwada pamaso pa antchito ake onse, walira ngati mwana. Wandikhazika pampando wake weniweni, akuti makina ndi anu, bambo, chitani chimene mwadzera."

Afrakoma anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Koma pali chodabwitsa," anapitiriza a Twumasi. "Ndangolemba dzina langa ndi mawu achinsinsi, nyimbo ya Maame ndinaiona ndi maso anga. Ndisanaikhudze, zonse zatsekeka. Akuti ine ndimakhala ku Istanbul, ndipo ndiwatumizire umboni. Ntim akuti tiwalembere pompano, tiwauze kuti akunama, ine chibadwire sindinatulukepo mu Ghana. Akuti wina wandibera akaunti, ndipo tikanena zoona aitsegula lero lomwe. Wayamba kale kulemba."

Kumbuyo kwawo kunkamveka Ntim akufunsa kanthu. A Twumasi anamuyankha kuti adikire. Atabwerera pa foni, mawu awo anali atasintha. Anali otsika, ngati pamene ankafunsa za lamulo loyamba.

"Tisanatumize, ndati ndifunse kaye kunyumba, ndingalumbire pa chinthu chimene sindikuchidziwa. Afrakoma, pali amene wakhudza kompyuta ija lero?"

Pakhomo panagwa mthunzi. A Bempah anali atabweranso, ndipo pambali pawo panaima mayi wachitsikana wa maso otupa, atavala zakuda.

"Uyu ndi Dufie," anatero a Bempah. "Tamva kwa anthu kuti mawu a mayi ake amveka muno. Wakana kudikira Loweruka."

Foni inali idakali pakhutu la Afrakoma.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero a Twumasi, "ndikukudikira."